Archie Roach ndi nyimbo ya ana olandidwa

Mawu a Archie Roach ndinayamba kuwamva usiku wina ndikutsuka mbale, foni ndili nditaitsamiritsa pa zenera la kukhitchini. Sindinkamudziwa munthuyu, koma pamene nyimbo yake yotchedwa Took the Children Away inafika pakati ndinazindikira kuti ndaleka kutsuka ndipo madzi akungotayika pampopi. Amayimba motsitsa mawu, gitala ikulira pang'onopang'ono, ngati mkulu amene akufotokoza za maliro kwa anthu oti afika mochedwa.

Roach anabadwa mu 1956 ku Mooroopna, m'chigawo cha Victoria ku Australia, ndipo makolo ake anali a mitundu ya Gunditjmara ndi Bundjalung, ena mwa eni nthaka a dzikolo amene amatchedwa Aaborijini. Ali wamng'ono kwambiri, akuluakulu a boma anafika ku Framlingham, kumene banja lake linkakhala, n'kumutenga pamodzi ndi abale ake. Izi sizinachitikire iye yekha. Kuyambira cha m'ma 1910 kufikira cha m'ma 1970, malamulo a dzikolo ankalola kulanda ana a Aaborijini n'kukawasiya kumalo osungirako ana amasiye kapena m'mabanja a azungu, ati pofuna kuwalera bwino. Lipoti la Bringing Them Home la mu 1997 linapeza kuti kuchepa kwake mwana mmodzi mwa ana 10 aliwonse anatengedwa motere, ndipo m'madera ena ndi nthawi zina anali mmodzi mwa atatu.

Chimene chimandigwira mtima pa mbiri yake n'chakuti chikhalidwe chimene amatamandidwa nacho sanachiyamwire. Atadutsa m'manja mwa anthu angapo, analeredwa ndi banja lina lochokera ku Scotland lomwe linkakhala ku Melbourne, ndipo iye mwini ankanena kuti anthuwo ankamukonda, komanso kuti m'nyumba mwawo ndi momwe anayambira kukonda nyimbo. Atafika msinkhu wa kusekondale analandira kalata yochokera kwa mlongo wake amene sankamudziwa n'komwe, yomuuza kuti mayi ake omubereka angomwalira kumene. Apa m'pamene zonse zinasokonekera. Anachoka pakhomopo kukafunafuna abale ake, anagona m'misewu zaka zambiri, analowerera mowa, ndipo ku Adelaide anakumana ndi Ruby Hunter, mtsikana wa mtundu wa Ngarrindjeri amenenso analandidwa kwa makolo ake, yemwe anadzakhala mkazi wake ndi mnzake woyimba naye kufikira pamene Hunter anamwalira mu 2010.

Ife timati mwana wa mnzako ndi wako yemwe, ndipo timatanthauza kuti umudyetse, umulangize, madzulo abwerere kwa amake. Amene ankatenga anawa nawonso ankati akusamalira mwana wa mnzawo, koma iwo ankamusintha dzina, kumuletsa chilankhulo chake ndi kumubisira kumene anachokera. N'chifukwa chake sindidabwa kuti Roach ankayimba kwambiri m'Chingerezi. Ena angaone ngati zimenezi zikuchepetsa uaborijini wa nyimbo zake, koma ine ndimaona kuti Chingerezicho ndi mbali ya umboni, popeza n'chimene anamusiyira atamulanda zinazo.

Nyimbo ija inatuluka mu 1990 m'chimbale chake choyamba, Charcoal Lane, chimene woyimba wotchuka Paul Kelly anathandiza kujambula. Dzina la chimbalechi ndi la kamsewu ka ku Fitzroy, ku Melbourne, komwe Aaborijini ankakumana ndi kumwera limodzi, ndipo munthu wochokera kutali ankatha kufunsa kumeneko ngati pali amene akudziwa abale ake. Chimbalecho chinapambana mphoto ziwiri za ARIA, zomwe ndi mphoto za oyimba a ku Australia, mu 1991, ndipo nyimboyo inalandiranso mphoto ya ufulu wachibadwidwe. Tiyenera kuzindikira kuti pamene nyimboyo inkatuluka mu 1990 n'kuti kudakali zaka 7 kuti lipoti lija lituluke, ndiponso zaka 18 kuti nduna yaikulu Kevin Rudd apepese m'nyumba ya malamulo pa 13 February 2008. Azungu ambiri a ku Australia nkhaniyi anayamba kuimvera pa wailesi, kuchokera pakamwa pa munthu amene zinamuchitikira, boma lisanavomereze kulakwa kwake.

Kumenyera ufulu kwake sikunali kwa pa nsanja pokha. Iye ndi Hunter ankalera ana ambiri osowa pokhala m'nyumba mwawo, ndipo pambuyo pake anakhazikitsa bungwe la Archie Roach Foundation lothandiza achinyamata a Aaborijini kudzera mu luso, makamaka amene agwa m'manja mwa apolisi ndi ndende. Anapitiriza kuyimba ngakhale atadwala sitiroko ndi khansa ya m'mapapo, ndipo m'zaka zake zomaliza ankakwera pa nsanja ali ndi timapaipi ta mpweya m'mphuno.

Anamwalira pa 30 July 2022 ku Warrnambool, pafupi ndi Framlingham kumene anamutenga ali mwana. Mwa Aaborijini ambiri muli mwambo wosatchula dzina la womwalira kapena kuonetsa chithunzi chake kwa nthawi ndithu, koma ana ake aamuna analengeza kuti alola dzina, zithunzi ndi nyimbo za bambo awo zigwiritsidwebe ntchito. N'chilolezo chimenecho chimene ndadalira polemba dzina lake pano.