Kuthokoza onse amene anandithandiza kujambula nyimbo pa piyano

Ndikulemba pofuna kuthokoza abale ndi anansi anga a kuno ku Bangula, chifukwa nyimbo imene ambiri mwaimvera sabata ino sikanatheka popanda iwo. Ndi nyimbo yodziwika bwino yomwe tinazolowera kuimva pa wailesi ili ndi ng'oma ndi magitala, koma ine ndinachotsa zonsezo n'kusiya piyano ndi mawu anga okha. Ulemu woyamba upite kwa mwini wake amene anaipeka.

Kiyibodi yanga inawonongeka mu Malichi 2023, pamene madzi a namondwe wa Freddy analowa m'nyumba mwathu, ndipo titabwerako kumsasa ndinaipeza matope atauma pakati pa makiyi. Kuyambira nthawi imeneyo zala zanga sizinakhudzenso chida choimbira. N'chifukwa chake ndikuthokoza kwambiri abusa ndi akuluampingo amene anandibwereka kiyibodi ya kutchalitchi, ya makiyi 61, kuyambira Lolemba mpaka Lachinayi, osandifunsa ngakhale tambala imodzi.

Amene amadziwa kutentha kwa Okutobala kuno kuchigwa cha Shire amvetsa chifukwa chimene tinkajambulira cha m'ma 2 koloko usiku. Masana malata amathetheka ndi dzuwa, ndipo foni imatola phokoso lililonse. Amayi anapereka matiresi awo ndi mabulangete awiri kuti tikoloweke kukhoma, mawu asamabwerere, iwo n'kukagona pamphasa pakhonde. Achimwene anagwira foni maulendo 14 thukuta likuyenderera m'manja, ndipo nditasokoneza vesi yachiwiri kachitatu anangoti, "Yambiraninso, sitikuthamangira kulikonse." Alamu anga anatibwereka batire ya sola, pamene aneba athu anasamutsira mbuzi zawo kukhola lakutali kwa masiku atatu. Achule a kudambo okha ndi amene akumveka chapansipansi kumapeto kwa nyimboyo, ndipo ndinasankha kuwasiya chifukwa ndiwo mawu a usiku wakwathu.

Ena mwafunsa za kaimbidwe ka dzanja lamanzere. Ng'oma zitachoka, panafunika china chogwira nyimboyo kuti isagwe, ndipo ndinakumbukira malemu agogo anga aamuna, amene ankaimba ulimba, chida cha timatabwa timene amagogoda ndi timitengo, dzanja lina likubwereza kachigawo kamodzi pamene lina likuyenda momasuka. Ndinatengera pamenepo, ndinachepetsa liwiro, ndinatsitsanso kiyi kuti igwirizane ndi mawu anga. Nditatero m'pamene ndinazindikira kuti nyimbo imene timaivina pa maukwati ili ndi mawu achisoni kwambiri, omwe ng'oma zinkatibisira.

Ndikuthokozanso nonse amene mwaitumiza kwa anzanu pa WhatsApp ndi pa Facebook, makamaka abale a ku Chikwawa ndi ku Nchalo amene mwandiimbira foni. Kiyibodi ndinaibweza Lachinayi masana kwaya isanayambe kuphunzira nyimbo, ndipo matiresi a amayi anabwerera kuchipinda kwawo. Madzulo ake anandipempha kuti ndiwaikirenso nyimboyo pa foni, ndipo anaimvera kawiri atakhala chete pakhonde.