Loweruka lathu mumzinda wa eni, ine ndi achemwali

Loweruka usiku, m'chipinda cha ku hotela.

Achemwali agona kale, miyendo atayisanjika pa pilo chifukwa lero tayenda zedi. Ine tulo sitikubwera, ndiye ndati ndilembe za lero zisanandituluke m'mutu. Tinafika dzulo kutada, mawa madzulo tikubwerera. Ndi ulendo wa masiku awiri okha, wongofuna kupumako ndi kuona mzinda umene tonse sitinaupondepo. Koma ndikamakumbukira tsiku lonseli, zimene zikundibwerera kwambiri ndi zakudya, komanso mafunso amene tinkafunsa tisanaike kanthu pakamwa.

Ine ndinasiya nyama ndi nsomba zaka 6 zapitazo, koma mazira, mkaka ndi tchizi ndimadya. Anthu ngati ine amatitcha vegetarian. Achemwali anapitirira pamenepo. Chilichonse chochokera ku nyama salawa, kaya ndi mkaka, batala, dzira, ngakhale uchi wa njuchi. Iwo ndi vegan. Tikakhala kunyumba kusiyanaku sikuoneka kwenikweni, poti aliyense amadziphikira ndipo amadziwa chimene chalowa mumphika. Paulendo mphika ndi wa eni.

Zinayambira pa kadzutsa. Tebulo linali lodzaza: mazira, masoseji, yogati, tchizi, buledi, zipatso, ndi ma croissant (timabanzi tofewa topindapinda) otentha amene fungo lake linatilandira tili pakhomo. Ine mbale inadzaza msanga. Achemwali anazungulira tebulolo kawiri, n'kubwera ndi nthochi, magawo a chinanazi ndi buledi wosapaka kanthu. Croissant anangoyiyang'ana, chifukwa kufewa kwake konse kuja ndi batala amene amamupinda mu ufa kambirimbiri. Atakhala pansi anaitana mtsikana amene ankathira tiyi.

"Achemwali, mkaka wa soya kapena wa oats mungakhale nawo?"

"Ulipo mayi. Timausunga mufiriji kukhitchini, poti oufunsa ndi ochepa. Dikirani ndikutengereni."

Unabwera, botolo losatsegula n'komwe. Akanapanda kufunsa akanamwa tiyi wopanda mkaka, mkakawo uli kuseri kwa khoma. M'chikwama anatulutsa kabotolo ka chiponde kamene sayenda osakatenga, n'kupaka pa buledi uja. Tinanyamuka tonse titakhuta.

M'mawa wonse tinali kunyumba yosungirako zinthu zakale, kenako tinatsetsereka wapansi kutsata mtsinje. Za kumeneko ndidzalemba tsiku lina ndikadzasankha zithunzi.

Nkhani inavuta pa nkhomaliro. Tisananyamuke kunyumba, achemwali anali atasankhiratu malo atatu pa HappyCow, tsamba la pa intaneti limene linayamba mu 1999, pomwe anthu osadya nyama amalembapo malo odyera amene awapeza m'mizinda yosiyanasiyana. Limathandiza kwambiri, koma olembapo ndi anthu odutsa, ndipo malo odyera amatsekedwa kapena kusamuka osauza aliyense. Malo amene tinkawadalira masana tinawapeza ali ndi loko, mawindo atamatidwa mapepala. Nthawi inali itapitirira 1 koloko, dzuwa lili paliwombo, njala itayamba kutilankhulitsa mokalipa. Tinangolowa mu lesitilanti ya zakudya za ku Italy imene inali pafupi.

Pa menyu panali timasamba tobiriwira ndi chilembo cha V pambali pa zakudya zina. Mtima wanga unakhala pansi. Ndinaloza supu wa ndiwo zamasamba, wa nyemba, karoti ndi kabichi, n'kunena kuti ine ndadya ameneyu. Achemwali anandigwira dzanja.

"Achimwene," anatero kwa mnyamata woperekera zakudya, "supuyu masamba ake mumawaphikira m'madzi, kapena mu msuzi wa nkhuku?"

Mnyamatayo sanayankhe mwachangu kuti atisangalatse. Anati sakudziwa, akafunse kaye kwa ophika. Atabwerako anati, "Pepani mayi, ndi msuzi wa mafupa a nkhuku. Amauwiritsa m'mawa, supu yense amachokera pamenepo."

Zinandipweteka, ndisaname. Kasamba kobiriwira kaja ndi lonjezo, ndipo amene anakaika pamenepo anangoona kuti m'mbalemo mulibe nthuli, basi n'kuganiza kuti nkhani yatha. Koma mnyamata uja ndikumuthokozabe mpaka pano. Zikanakhala zosavuta kwa iye kungoti "ndi masamba okhaokha", ife n'kudya osadziwa kanthu. Anasankha kuyenda ulendo wa kukhitchini ndi kubwera ndi yankho limene likanatha kutitulutsa pakhomo.

Sitinatuluke. Tinayamba kufunsa chimodzichimodzi, iye akuyankha zimene akudziwa. Pasta yofewa imene amakanda okha ili ndi mazira, pamene youma ya m'paketi nthawi zambiri imakhala ufa wa tirigu ndi madzi basi. Tchizi cha Parmesan, chimene amawaza pamwamba pa chilichonse, n'chovuta ngakhale kwa ine. Chenicheni chija, Parmigiano Reggiano, malamulo ake amafuna kuti mkaka augwiritse ndi rennet, chinthu chimene amachitenga m'chifu cha mwana wa ng'ombe wophedwa akadali woyamwa. Ndinadya tchizi chimenechi kwa zaka ziwiri nditasiya kale nyama, ndisakudziwa. Pamapeto achemwali anaitanitsa pizza marinara, ya tomato, adyo, oregano ndi mafuta a olivi. Imeneyi sachita kuichotsa tchizi kuti ikomere anthu a vegan ayi, ku Naples, mzinda wa ku Italy, amaiphika choncho kuyambira kale. Ine ndinadya pasta youma ya tomato ndi mabiringano, n'kupempha kuti asawazepo kanthu.

Tikudya, achemwali anandiuza kuti iwo anasiya kufunsa kuti "kodi ichi n'cha vegan?" Akuti funso limeneli anthu ambiri amalivomera ndi mtima wabwino, koma aliyense akumva zake. Wina amaganiza kuti nsomba si nyama. Wina saganizira za batala amene anakazingira anyezi. Ngakhale V wa pa menyu, pena amaimira vegetarian, pena vegan. Ndiye iwo amatchula zinthuzo ndi maina ake: muli batala? muli dzira? msuzi wake ndi wa chiyani? mwathiramo msuzi wa nsomba? Wophika aliyense amadziwa zimene wathira, ngakhale asadziwe dzina la gulu la anthu amene akumufunsawo.

Masana tinalowa m'sitolo kugula madzi ndi tina tonyamula. Ndinatenga paketi ya maswiti ofewa aja otafuna, achemwali n'kuitembenuza kuti tiwerenge kumbuyo. Munali jeletini, amene amachokera ku zikopa ndi mafupa a nkhumba kapena ng'ombe, komanso E120, utoto wofiira wopangidwa kuchokera ku tizilombo totchedwa cochineal. Ndinaibweza pa shelefu. Pa shelefu ina panali zakudya zochokera ku India, paketi iliyonse ili ndi kadontho kobiriwira m'kati mwa kabokosi kobiriwira. Kumeneko ndi lamulo kuti chakudya cha m'paketi chionetse ngati chili chopanda nyama. Kwa ine kadonthoko n'kokwanira. Achemwali amawerengabe, chifukwa chizindikirocho chimalola mkaka ndi ghee, mafuta ophikira ochokera ku batala.

Tinakakhala pa benchi m'paki, nsapato titavula, tikudya mtedza ndi malalanje. Apa ndi pamene tinacheza nkhani imene timaizemba nthawi zambiri. Ndinawafunsa ngati satopa nako kufunsafunsa kumeneku. Anati amatopa, makamaka akakhala pagulu, pamene aliyense wadikira kuti iwo amalize kukambirana ndi woperekera zakudya. Koma anati akakumbukira chifukwa chake, mtima umakhazikika. Ng'ombe siitulutsa mkaka isanabereke, ndipo m'mafamu akuluakulu mwana wake amamuchotsa msanga kuti mkakawo ugulitsidwe. Kumene amaswetsa nkhuku zoikira mazira, anapiye aamuna ambiri amaphedwa atangoswedwa poti sadzaikira. Sananene mondiweruza. Ine zimenezi ndimazidziwa, ndipo zimandilemera, koma sindinafike pamene iwo afika.

Kusiyana kwathuku si kwa lero. Bungwe la Vegetarian Society linakhazikitsidwa ku England mu 1847, ndipo patapita zaka pafupifupi 100, ena mwa mamembala ake amene anasiyanso mkaka ndi mazira anapempha malo m'magazini ya bungwelo, koma anakanizidwa. Mmodzi wa iwo, Donald Watson, mphunzitsi wa ukalipentala, anayambitsa kanyuzi kawokawo mu November 1944, ndipo dzina loti vegan analipanga potenga zilembo zitatu zoyambirira ndi ziwiri zomalizira za liwu loti vegetarian. Achemwali amaikonda nkhani imeneyi, ndipo salephera kuwonjezera kuti bamboyo anamwalira mu 2005 ali ndi zaka 95. Ine ndimawakumbutsa za kabotolo kawo ka mapiritsi a vitamini B12. Vitamini ameneyu sapezeka modalirika m'zomera, ndipo poti chiwindi chimamusunga kwa zaka, munthu amatha kuona ngati zonse zili bwino mpaka magazi atachepa kapena mitsempha itayamba kuchita dzanzi. Anandionetsa kuti kali m'chikwama, pambali pa chiponde chija.

Tsopano za madzulo, zimene zandichititsa kuti ndikhale pano ndikulemba.

Malo achiwiri pa mndandanda wa achemwali anali kanyumba kodyera ka anthu a ku Ethiopia, kutali ndi misewu ya alendo. Tinakwera basi, n'kuyendanso pang'ono. Matebulo anali asanu ndi limodzi okha, m'kati mukununkhira zokometsera ndi lubani. Anatilandira mayi wachikulire, mpango woyera uli kumutu. Achemwali anayamba mafunso awo aja, koma asanafike pa dzira mayiwo anakweza dzanja akumwetulira.

"Ana anga, mukufuna chakudya cha nthawi yosala. Khalani pansi."

"Amayi, batala mulibemo?"

"M'miphika yosala mumalowa mafuta a mbewu okha. Batala ali ndi miphika yake."

Atabweretsa madzi osamba m'manja anakhala nafe pang'ono n'kutifotokozera. Mu mpingo wa Orthodox wa ku Ethiopia, okhulupirira amasala pafupifupi Lachitatu ndi Lachisanu lililonse, komanso masiku 55 Pasaka asanafike, kuwonjezera pa nyengo zina m'chaka. Masiku amenewo sadya nyama, mkaka, batala kapena mazira. Ndiye amayi a kumeneko akhala akuphika chakudya chotere mibadwomibadwo, osati ngati cholowa m'malo mwa china, koma chakudya chokwanira pachokha, choti banja lonse lidye likhute. Batala wawo wokometsera, niter kibbeh, amene amalowa m'ndiwo zambiri masiku wamba, amamuika pambali.

Chinabwera m'mbale imodzi yaikulu ngati lichero. Pansi anayalapo injera, chikondamoyo chachikulu chofewa, chowawasira pang'ono, chopangidwa ndi ufa wa mbewu ya njere zing'onozing'ono yotchedwa teff, umene amausiya kuti usase masiku angapo. Pamwamba pake panali timilu tosiyanasiyana: mphodza zofiira zophikidwa ndi tsabola wawo wa berbere, zimene amati misir wot, shiro, wa ufa wa tchana, wosalala ngati phala, masamba obiriwira otchedwa gomen, kabichi wa karoti ndi mbatata, nsawawa zachikasu zosawawa, ndi saladi wa tomato wothira mandimu. Mbale yonseyo amaitcha beyaynetu. Palibe supuni kapena foloko. Umang'amba injera, n'kutsinira nayo ndiwo.

Nditang'amba kachiwiri ndi pamene ndinazindikira kuti chichokereni kunyumba, aka kanali koyamba ine ndi achemwali kupisa m'mbale imodzi. Tsiku lonse aliyense anali ndi yake, wina akuyang'ana ya mnzake kuti mwina muli chimene sangadye. Apa panalibe mbali yanga kapena yawo. Achemwali, amene pa chakudya chilichonse lero nkhope inali yochenjera, ankadya ataweramira m'mbale, osafunsanso kanthu. Ndinawaona mapewa atatsika.

Mayi aja anabweranso n'kutionetsa mwambo wawo wotchedwa gursha: umakulunga ndiwo mu injera, n'kumudyetsa mnzako ndi dzanja lako posonyeza chikondi ndi ulemu. Achemwali anakulunga shiro n'kundidyetsa. Ndinakumbuka ndili wamng'ono, iwo akundidyetsa chimodzimodzi amayi akachokapo, ndipo misozi inalengeza. Nanenso ndinawakulungira mphodza, zambiri kuposa zimene zikanakwana pakamwa, mayi aja akuwomba m'manja kuti gursha yaikulu ndiye chikondi chachikulu.

Anatifunsa ngati timwe khofi. Achemwali anapempha kuti tidikireko, chifukwa khofi ndi tiyi zimalepheretsa thupi kuyamwa bwino ayironi wa m'zomera zikamwedwa pamodzi ndi chakudya, pamene vitamini C wa m'mandimu ndi tomato uja amathandizira. Mayiwo anati palibe chothamangira, khofi wawo ndi kale lonse safulumira. Anakazinga njere zake pomwepo, n'kutizungulizira chiwaya kuti tinunkhize utsi, kenako anazisinja ndi kuziwiritsa mu kamtsuko kadothi ka khosi lalitali kotchedwa jebena. Pamene timakapu tinkafika patebulo, pafupifupi ola linali litadutsa tikucheza za ana awo ndi za ulendo wathu.

Sitinathe kumaliza mbale ija. Anatikulungira shiro wotsala ndi injera ziwiri zatsopano zimene sitinaitanitse, n'kutiperekeza mpaka pakhomo.

"Muyende bwino ana anga. Mawa mudye zimenezi musanakwere, m'njira simudziwa chimene mukapeze."

Phukusilo lili mu kafiriji ka m'chipinda muno, pamodzi ndi hummus (tchana wopera wopaka pa buledi), buledi ndi nthochi zimene tagula pobwerera. Malo achitatu pa mndandanda ndi a falafel, timipira tokazinga ta tchana wopera, pafupi ndi siteshoni, ndipo achemwali awaimbira kale foni kutsimikiza kuti Lamulungu amatsegula, komanso kuti msuzi wawo woyera ndi wa chitowe, si wa yogati. Ati tikafike 12 koloko isanakwane, anthu asanachuluke. Alamu ndatchera 7 koloko.