Ndinapita ku Skye chifukwa cha nyimbo imodzi

Kunena zoona ulendo uwu unayambira kuntchito. Ndimagwira ku care home ina ku Glasgow, ndiye kunali agogo ena aamuna omwe ndinkawasambitsa ndi kuwadyetsa m'mawa, iwowa tsiku lililonse ankafuna ndiwayikire chimbale chimodzimodzi, Stormwatch cha bandi ya Jethro Tull, cha 1979. Poyamba makutu anga ankakana, nyimbo ikuyenda bwinobwino mwadzidzidzi yasintha kayendedwe, chitoliro chalowa, gitala wamagetsi walira, kenako zii kwangotsala kagitala kouma. Ndiyo progressive rock amanenayo. Koma miyezi itapita ndinayamba kuziyimba ndekha mubasi. Agogo aja atatisiya ndinangoti basi, ndikaone kumene nyimbo yomwe ankayikonda kwambiri inachokera, Dun Ringill, dzina la nyimboyo komanso la malo ena pachilumba cha Skye.

Ndinakwera sitima ku Glasgow Queen Street mpaka Mallaig, maola asanu ndi kanthu, kenako sitima yapamadzi kuwolokera ku Armadale. Pali mlatho wolowera pachilumbapo umene anautsegula mu 1995 koma ine ndinafuna madzi. Fungo la dizilo ndi kugwedezeka kuja zinandibwezera ku Nkhotakota ndili mwana tikudikira Ilala, ndipo mtima unandigunda nditakumbukira kuti Ilala yathuyo inapangidwa ku Glasgow komweko m'mbali mwa mtsinje wa Clyde, nkuitumiza kwathu zidutswazidutswa.

Ndinagona ku Broadford, m'mawa nkukwera basi ya ku Elgol. Msewu wake ndi wa galimoto imodzi, mukakumana wina amapatukira pambali kudikira mnzake, nkhosa nazo zili pakati pamsewu. Umazungulira Loch Slapin phiri la Blà Bheinn lili pamwamba pako lakuda bii. Ndinatsikira ku Kilmarie.

Apa mpamene nkhani ya bandiyi imamveka. Ian Anderson, woyimba wa Jethro Tull amene amawomba chitoliro ataima ndi mwendo umodzi, ndi mwana wa ku Scotland, anabadwira ku Dunfermline mu 1947. Bandi yake inayamba ndi blues, nkutchuka ndi nyimbo zazitali zovuta, koma mu 1977 anatembenukira ku maimbidwe akumudzi a ku Britain ndi Songs from the Wood, chaka chotsatira Heavy Horses yokamba za mahatchi olima omwe mathirakitala ankawalanda ntchito. Nthawi yomweyo mkuluyu anagula malo a Strathaird kuno ku Skye, nkumakhala ku Kilmarie komwe ndinatsikirako, mpaka kuyamba ulimi wa nsomba za salmon umene unalemba ntchito anthu a konkuno. Ndiye chimbale chachitatu, Stormwatch chija, chinangodzaza nyanja, mafuta okumba pansi pa North Sea, ngalawa yosowa doko, namondwe. Pachikuto pake pali iyeyo atagwira mabayinokola akuyang'ana nyengo. Malowo anawagulitsa ku bungwe losamalira zachilengedwe la John Muir Trust mu 1994.

Kuchoka pamsewu umawoloka kamlatho pakamtsinje, nkudutsa m'mitengo, kenako njira imatsata gombe. Matope ndithu, valani nsapato zenizeni, ndipo mphepo ikangoleka tizilombo tija amati midges timakuthira kumaso ngati utsi. Dun Ringill yeniyeniyo ndi linga lakalekale la miyala yongosanja popanda simenti, la nthawi ya Iron Age, pambuyo pake a fuko la MacKinnon ankakhalamo. Lagumuka, udzu wamera pamwamba, koma khomo lake likadalipo, kanjira kopanikiza kolowa pakati pa miyala. Ndinalowa chowerama nkukatulukira pamwamba, kutsogolo kuli madzi okhaokha.

Ndinakhala pamwala nkuyika mahedifoni. Nyimboyo ndi yaifupi, siyikwana mphindi zitatu, imayamba ndi mabingu ndi mawu a munthu wolengeza zanyengo, kenako gitala wouma ndi mawu a Anderson akubwerera ngati akuyimbira m'phanga. Kuchipinda kwa agogo kuja ndinkaganiza kuti kubwerera kwa mawuko ndi zokometsera za mu situdiyo basi. Pamalopo ndinamva kuti munthuyu ankayimba zomwe ankaziona akatuluka pakhomo, chifukwa mtambo unkabwera kuchokera kunyanja ndikuwuona ndi maso, madzi nkusintha kuchoka kobiriwira kupita kotuwa nyimbo isanathe nkomwe.

Bambo anga anali msodzi. Madzulo asanakankhe bwato ankaima pamchenga osayankhula, kuyang'ana kummwera, ndipo akati lero mwera ukubwera palibe ankatsutsa, usipa udikire. Anthu okhala ndi madzi amakhala ndi mantha aulemu amenewo, ndipo ndi omwe ndinawamva mu chimbale chija, mwina nchifukwa chake chinandigwira ine wa ku Nkhotakota. Chinanso chimandiwawa, woyimba bass wawo John Glascock anadwala mtima chimbalechi chikujambulidwa, anangoyimbako nyimbo zochepa, nkumwalira mu Novembala 1979 ali ndi zaka 28.

Mvula itayamba sindinathawe msanga. Ndinayibwereza nyimboyo kachiwiri, ya agogo aja, ndinawatchula dzina mokweza pamenepo. Kenako ndinatsika kubwerera kumsewu nditanyowa mpaka masokosi, basi yobwerera ku Broadford inandipeza nditaima pafupi ndi kamlatho kaja.