Lipoti la ulendo wa kalabu yathu ku Zomba pa Tsiku la Demokalase

Pa 15 Seputembala, mamembala a kalabu yathu ya achinyamata tinanyamuka ku Dedza m'bandakucha kupita ku Zomba kukakumbukira Tsiku la Demokalase pa Dziko Lonse pamodzi ndi gulu la anzathu lomwe limalondoloza ndalama za chitukuko m'dera lawo. Tisanafike kumudzi, tinaima pang'ono pa nyumba yakale ya Malamulo, yomwe aphungu ankakumanamo asanasamukire ku Lilongwe.

Potsegulira zokambirana, wapampando wawo anatikumbutsa kuti bungwe la United Nations linakhazikitsa tsikuli mu 2007, koma anati kwa ife Amalawi nkhaniyi inayamba kale, pomwe maepisikopi a Katolika anatulutsa kalata yawo mu Malichi 1992. Agogo ena anatifotokozera momwe anavotera pa riferendamu ya pa 14 Juni 1993, pomwe munthu ankasankha pakati pa nyali (zipani zambiri) ndi tambala wakuda (chipani chimodzi), ndipo anati anaima pamzere mtima uli phaphapha chifukwa sankakhulupirira kuti voti ndi yachinsinsi.

Chomwe chinandigwira mtima kwambiri ndi kope la anzathuwa lachikuto chong'ambika. M'kopemo amalembamo thumba lililonse la simenti lomwe lafika pa mlatho womwe ukumangidwa ndi ndalama za chitukuko cha m'dera la phungu (CDF), tsiku lomwe lafika, ndi dzina la amene walilandira, kenako amafananitsa ndi zomwe komiti ya chitukuko cha m'dera (ADC) yalengeza. Mapepala akavuta kupeza, amalemba kalata yopempha uthengawo motsatira lamulo lopatsa nzika mwayi wopeza uthenga, lomwe linayamba kugwira ntchito mu 2020. Mayi wina wa m'gululo, yemwe sukulu anailekera ku pulaimale, anatiwerengera matumbawo limodzilimodzi osaphonya ngakhale limodzi. M'maganizo mwanga, ntchito imeneyi ndi yolemera kuposa misonkhano yambiri yomwe timachititsa nthawi ya kampeni, chifukwa phungu akadziwa kuti anthu akuwerenga matumba, amayamba kubwera kumudzi ngakhale chisankho chili kutali.

Panali kusiyana maganizo pa nkhani ya ndime 64 ya malamulo aakulu a dziko, yomwe inkalola anthu kuchotsa phungu nthawi yake isanathe koma inachotsedwa mu 1995. Ena anati ibwerere, pomwe ena anaopa kuti olephera pa chisankho angaigwiritse ntchito pobwezera, ndipo mpaka dzuwa linapendeka tisanagwirizane chimodzi.

Tinapangana kuti anzathuwa adzatiyenderanso ku Dedza mvula isanayambe, ndipo mlembi wathu wapatsidwa udindo wogula kope ndi kukatenga mndandanda wa ntchito za chitukuko za chaka chino ku khonsolo.