Phiko lija silinathyoke, amayi

Ndikusowa tulo, ndiye ndangotsegulanso foni kuyang'ana chithunzi chomwe chija. Theka ndi msana wa mpando wakutsogolo, theka ndi chala changa, ndipo pakona pokha ndi pomwe pali kachidutswa ka phiko, kachimbuuzi. Ulendo wonse wa lero ndinakonzera chithunzi chimodzi, ndipo chatuluka ndi chimenechi.

Mpando ndinasankha dala, wapazenera, kumbuyo pang'ono kwa phiko. Ndege yake inali Boeing 737-800. Ine si woyendetsa ndege, ndimangozikonda basi, ndipo kalekale ndimafuna kujambula kanthawi kaja matayala akangogunda pansi, pomwe zitsulo zapamwamba pa phiko zimadzuka zonse pamodzi ngati nthenga za nkhuku yoteteza anapiye. Amazitcha ma spoiler. Zimadzuka mwadzidzidzi, ndipo panthawiyo ndege yonse imakhala ikunjenjemera, choncho dzanja liyenera kukhala lokonzeka.

Pambali panga panali amayi ena achikulire. Ulendo wonse sanayankhule, manja ali pamiyendo, maso ali kutsogolo. Titayamba kutsika, pansi pa mipando panamveka kulira kuja kwa makina, ma flap akutuluka kumbuyo kwa phiko.

"Mwanangu, chikulira n'chiyani?"

Ndinasangalala, ndisaname. Munthu akandifunsa za ndege pakamwa panga sipatsekeka. Ndinawauza kuti kumwamba kuja timathamanga makilomita oposa 800 pa ola, koma potera liwiro liyenera kutsika kufika cha m'ma 250. Phiko lopangidwira kuthamanga silingainyamule ndege ikamayenda pang'onopang'ono chonchi, ndiye amalikulitsa ndi kulipinda: kutsogolo kumatuluka tizitsulo tina, kumbuyo ma flap amasendera panja n'kuweramira pansi. Likatero limanyamula kwambiri komanso limakokana ndi mpweya, liwiro n'kumachepa. Anangogwedeza mutu. Sindikhulupirira kuti anamvapo kanthu. Ine ndinabwerera pazenera, kupukuta galasi ndi mkono wa malaya, kukwiya ndi mizere yokalika yomwe imakhala pa mazenera a ndege iliyonse yomwe ndakwerapo. Kunja kunali chinyontho, ndipo kunsonga kwa flap kunkatuluka kachingwe koyera ka nthunzi, kakupotana. Kameneko sindinakajambule n'komwe, ndimasunga dzanja.

Kenaka phula, mizere yoyera, gu! Zitsulo zija dzu! Phiko linatseguka mpaka kuonetsa mapaipi ndi pansi penipeni kudzera m'mipata yake. Chala changa chili pafupi kudina, ndinangomva zikhadabo pamkono.

"Mayo ine! Phiko lathyoka!"

Foni inapendekeka. Nthawi yomweyo injini zinabangula, malamba anatigwira m'chiuno, amayi aja akukokabe mkono wanga uku akutchula Mulungu. Bambo wina amene anakhala kumpando wakunjira anawerama n'kunena modekha, "Musaope amayi, tafika. Apailoti angoika livesi."

Apa ndi pomwe ndinayamba kuchita zopusa. M'malo moti ndigwirizane naye, ndinamutsutsa. Mtima unali utawawa ndi chithunzi chija, ndipo ukali unasowa kolowera.

"Injini sizungulira chobwerera, achimwene."

"Nanga phokoso lija?"

Ndinamufotokozera kuti chivundikiro cha m'mbali mwa injini chimasendera kumbuyo, mkati mwake tizitseko timatseka njira ya mpweya wochokera ku chikupizo chachikulu chakutsogolo kwa injini, ndiye mpweyawo umatulukira m'mbali utaloza chakutsogolo. Injini imazungulira momwe imazungulira nthawi zonse, chomwe chatembenuka ndi mpweya wokha.

Anandiyang'ana kanthawi. "Ndiye si livesi imeneyo?"

Ndinasowa choyankha, chifukwa ngakhale dzina lake lenileni ndi reverse thrust. Koma munthu ukayamba makani sufuna kugonja. Ndinasintha nkhani n'kunena kuti pamsewu wouma ntchito yaikulu yoimitsa ndege imagwiridwa ndi mabuleki a m'matayala, injini zimangothandiza, ndipo thandizo lake limaoneka kwambiri kukagwa mvula pomwe matayala sagwira bwino. Ndinawonjezanso kuti liwiro likatsika kufika makilomita cha m'ma 110 pa ola amazibweza, kuopa kuti injini ingameze timiyala ndi zinyalala zomwe mpweya wake womwe waulutsa. Iye anangoti "chabwino, aphunzitsi," n'kumasula lamba nyali isanazime. Mawu akuti aphunzitsiwo sanali ulemu.

Kudikira kuti atsegule chitseko kunatenga nthawi. Amayi aja anali atasiya mkono wanga, akupuma mwabefu, akuyang'ana phiko lomwe tsopano linali litadzitseka, losalala ngati palibe chachitika. Anati pepani chifukwa cha foni. Ine, poganiza kuti ndikuwatonthoza, ndinayambanso. Ndinati chomwe chinawaopsa chija ndi chomwe chimatiimitsa. Ndege ikangogunda pansi phiko limakhala likuinyamulabe, matayala amangokhudza phula ngati munthu woyenda monyang'ama poterera, ndipo buleki siigwira pa tayala lopanda katundu. Ma spoiler akadzuka amasokoneza mpweya wodutsa pamwamba pa phiko, mphamvu yonyamula imatha, ndipo kulemera konse, komwe pa ndege ngati imeneyi kumatha kupitirira matani 60, kumakhala pa matayala. Phiko limadziwononga dala kuti lisiye kukhala phiko. Pamenepo mabuleki amaluma. Ndinawauzanso kuti pali makina oonetsetsa kuti tayala lisaime n'kuyamba kukhwekhwereza, amamasula n'kugwiranso mofulumira ngati ABS ya galimoto, komanso kuti mabulekiwo amatentha madigiri mazanamazana, moti m'malimu a matayala anaikamo tizitsekero tomwe timasungunuka kutentha kukanyanya kuti tayala liphwe lokha lisanaphulike.

Za kuphulika tayalazo sindikudziwa kuti ndinazinenera chiyani kwa munthu amene wangosiya kunjenjemera.

Anandimvetsera mpaka kumapeto. Kenaka anafunsa, osati mokwiya, mwachidwi chabe:

"Ndiye inu mumadziwa kuti lichita chonchija?"

"Eya amayi, n'chomwe ndimafuna kujambula."

"Osandiuza?"

Anthu anayamba kusuntha. Bambo uja anawatsitsira chikwama chawo, iwo anamuthokoza, n'kulowa pamzere. Ine ndinatsala ndikufufuza chivundikiro cha foni pansi pa mpando.

Funso limeneli ndi lomwe landikhalira. Mphindi makumi awiri ndinali nditagwira foni kudikira chinthu chimodzi. Ndinaona manja awo. Anandifunsa okha za phokoso loyamba, ndipo ndinawapatsa manambala. Kunali kokwanira kungoti, amayi, tikagunda pansi muona zitsulo zikudzuka ndipo kumveka phokoso lalikulu, n'zabwinobwino. Mawu ochepa kuposa omwe ndinataya pa makani a livesi. Sizinandibwerere m'mutu, kapena zinabwera koma ndinaopa kuchotsa maso pazenera. Pamenepa ndiye sindikufuna kudzifunsa kwambiri.

Ndipo chomvetsa manyazi n'chakuti mbali ina ya mtima wanga ikudandaulabe za chithunzi. Ikuti ukanajambula vidiyo n'kudulapo chithunzi pambuyo. Ikuti usamagunditse foni pagalasi chifukwa kunjenjemera konse kwa ndege kumalowa mu kamera. Ikuwerengera kale mpando wa ulendo wobwerera, mbali iti dzuwa lidzakhale. Madzulo ano ndinapezeka ndikuseka ndekha poganiza kuti ndege zoyamba za Caravelle, m'zaka za m'ma 1950, zinkatulutsa parachuti kumchira potera kuti zichepetse liwiro. Amayi aja akanaona zimenezo bwenzi mkono wanga utachoka.

Ndinawaonanso polandirira katundu, patali, akuyankhula pafoni uku dzanja lina likukwera ndi kutsika, kusonyeza phiko. Ndinaganiza zopita kukapepesa, koma chikwama changa chinatulukira nthawi yomweyo, ndipo pomwe ndimachikoka anali atapita.

Pamkono pali tizipsera tinayi ta zikhadabo, kamodzi katupa pang'ono. Chithunzi chija chala changa chafika pochifufuta kawiri, ndabwerera. Mawa pali msonkhano m'mamawa, nyali ndizime