Lipoti la ulendo wokacheza ndi eni galimoto zamagetsi zapamwamba

Gulu lathu la eni galimoto zamagetsi linapita kukacheza ndi gulu lina lomwe mamembala ake ambiri ali ndi galimoto zodula, ndipo cholinga chathu chinali kukamva kwa eni ake enieniwo ngati galimotozi ndi zodalirika monga momwe otsatsa malonda amanenera.

Ulendo unali wautali moti tinaima panjira kuti titchaje. Galimoto zomwe zinafika batire itatsala pang'ono kutha zinakoka magetsi mwachangu, koma batire itadutsa 80 peresenti liwiro la kutchaja linatsika kwambiri, chifukwa kompyuta ya galimoto imachepetsa dala mphamvu pofuna kuteteza batire kuti isatenthe kapena kukalamba msanga. Anzathu amene anaumirira kudzaza mpaka 100 peresenti anatichedwetsa tonse.

Titafika, bambo wina amene wakhala ndi galimoto yake zaka zingapo sanayambe ndi kutionetsa mipando yachikopa ayi. Anachotsa chivundikiro china n'kutiloza kabatire kakang'ono ka mavoti 12, konga kamene kali m'galimoto zapetulo. Anafotokoza kuti kabatireko ndi kamene kamadzutsa makompyuta, kutsegula zitseko ndi kulumikiza batire yaikulu ku mota, choncho kakafa galimoto siyenda ngakhale batire yaikulu itadzaza. Kwa iye, mota ndi batire yaikulu sizinamuvutitsepo. Zimene zinamufikitsa kugalaja ndi kabatireko, chogwirira chitseko chodzitulukira chokha chomwe chinakana kutuluka tsiku lina kunja kukuzizira, ndi sikirini yomwe inazima ali pamsewu. Ena ambiri anavomereza, ndipo ine ndinaona kuti apa ndi pamene panagona nkhani yonse.

Makampani ambiri amalonjeza kukonza batire yaikulu kwa zaka 8 kapena makilomita 160,000, koma lonjezo la zipangizo zina limakhala lalifupi, pamene zipangizozo ndi zimene zimachuluka m'galimoto yapamwamba. Mabuleki amakhalitsa chifukwa mota ndiyo imachepetsa liwiro uku ikubweza magetsi m'batire, ngakhale zitsulo za mabulekiwo zimachita dzimbiri zikakhala nthawi osagwira ntchito. Matayala okha ndiye amatha msanga, popeza galimotozi zimalemera kupitirira matani awiri ndipo mphamvu yake imabwera yonse mukangoponda.

Mtsutso unakula pa nkhani ya sikirini. Kuyambira pamene Tesla Model S inatuluka mu 2012 ndi sikirini yaikulu komanso mapulogalamu osinthidwa kudzera pa intaneti, makampani ena anatsatira njira yomweyo. Ena mwa ife amayamikira kuti vuto limatha kukonzedwa galimoto ili pakhomo. Ena akuti kufunafuna pa sikirini poyatsira mpweya wozizira kapena wotentha uku ukuyendetsa n'koopsa, ndipo ine ndili mbali yawo. Chimene tonse tinachiyamikira ndi zinthu zosaoneka ndi maso, monga magetsi a mavoti 800 omwe Porsche Taycan inabwera nawo mu 2019 kuti kutchaja kuzifulumira, ndi luso lofunditsa batire pang'ono galimoto isanafike potchajira kuti ilandire magetsi mwachangu.

Tisanabwerere tinagwirizana kuti membala aliyense azilemba chilichonse chimene chawonongeka, makilomita omwe galimoto inali itayenda ndi nthawi imene anadikira sipeya, kuti magulu awiriwa adzayerekeze zolembazo pa msonkhano wotsatira.