Zowerenga zanga za malonda, mwezi wachitatu: tisheti ya pa kaunjika ndi kontena

Ndiye tafika mwezi wachitatu. Pa mabuku anayi amene ndinalemba patsamba loyamba la kope langa, awiri atha, lachitatu ndili pakati, lachinayi silinapezeke mpaka pano koma ndikulisakabe. Ndimawerenga masamba 15 kapena 20 madzulo ndikaweruka, magetsi akathima ndimayatsa tochi ya foni basi. Lamulo langa ndi limodzi lomwe lija, ndikamaliza chaputala ndilembe m'kope zimene ndamva mu Chichewa, osakopera chizungu cha m'bukumo. Zikandikanika kulemba mu Chichewa ndiye kuti sindinamve, ndibwerere. Mwezi uno landibweza kangapo lamuloli, makamaka pa Ricardo, koma za iyeyo ndinena kumunsi.

Loyamba kutha linali la Pietra Rivoli, The Travels of a T-Shirt in the Global Economy, la 2005. Kwa aliyense amene akufuna kuyamba kuwerenga za malonda a pakati pa mayiko ine ndinganene kuti ayambire pamenepa, asathamangire mabuku odzaza magirafu aja. Mayiyu polemba bukuli anali mphunzitsi wa pa yunivesite ya Georgetown, anagula tisheti yotchipa ku Florida n'kuyamba kuilondola mapazi kumene yachokera. Thonje lake la ku Texas pafupi ndi Lubbock, linakwera sitima kupita ku China kukapota ulusi ndi kusoka, tisheti n'kubwerera ku America, ndipo ikatha ntchito kwa mwini wake imakathera m'belo la zovala zakale, iye anazitsatira mpaka ku Tanzania kumene amati mitumba. Kwathu kuno ndi kaunjika yemwe uja.

Chimene chandikhala m'mutu n'choti ulendo wonsewo, malo amene munthu angati apa ndiye pamsika penipeni, wogula ndi wogulitsa akunenerera okha, ndi ochepa zedi. Mlimi wa thonje wa ku Texas ali ndi sabuside ya boma, inshuwalansi ya mbewu, akatswiri a kuyunivesite omufufuzira mbewu ndi mankhwala, makina okolola. Ine ndinkawerenga ndikuganiza za mlimi wa ku Balaka kapena ku Chikwawa ali ndi khasu ndi sipuleya ya kumsana, akuthyola thonje ndi manja dzuwa lili pamutu, kenaka mtengo wa thonje lake uchokere pamsika womwewo wa dziko lonse umene wa ku Texas akugulitsapo. Mu 2002 Brazil inakasumira America ku WTO, bungwe loona za malonda a pakati pa mayiko, za sabuside imeneyi ndipo inapambana mlandu, mu 2003 mayiko anayi, Benin, Burkina Faso, Chad ndi Mali, anakadandaula nkhani yomweyo ku msonkhano wa WTO ku Cancún, ku Mexico. Mlandu wa Brazil unadzatha mu 2014 America italipira madola 300 miliyoni. Ndinalemba m'kope ndi zilembo zazikulu kuti amene analandira ndalama ndi Brazil, anayi aja sanaone kanthu, ndipo zinandipweteka mtima ndithu.

Kusoka nakonso si kwaulere. Kuyambira 1974 mpaka kumapeto kwa 2004 kunali pangano lotchedwa Multi-Fibre Arrangement, limene linkaika malire kuti dziko lakuti litumize zovala zochuluka chonchi ku America kapena ku Ulaya, osapitirira. Ndiye eni mafakitale ankasamukasamuka kufuna dziko limene malire ake sanadzaze. Apa ndi pamene ndinamvetsa chifukwa chimene malebo a pakolala amakhalira ndi mayina a mayiko amene sungawaganizire kuti amasoka zovala.

Loweruka lapitali ndinapita kwa azakhali anga amene amachita geni ya kaunjika ku Limbe, tsiku lotsegula belo. Amene munaonapo mukudziwa, amadula mawaya aja belo n'kufufuma lokha ngati likupuma, kafungo kake kaja kamankhwala n'kutuluka, makasitomala ozolowera ali kale chire kudikira kusankha zoyamba. Ine ndinakhala pambali ndi kope langa kumatembenuza kolala iliyonse. Bangladesh, China, Vietnam, Honduras, Cambodia, Bangladesh kachiwiri. Kenaka ndinapeza imodzi yabuluu yolembedwa Made in Lesotho, ndinaigwira nthawi yaitali. Lesotho akhala akusoka zovala zambiri zopita ku America chifukwa cha lamulo la AGOA la 2000 limene linachotsa msonkho pa katundu wina wochokera ku Africa, ndiye ndi kutheka kuti tisheti imeneyi inasokedwa kuno kwathu kum'mwera, n'kuwoloka nyanja, wina n'kuivala, n'kubwereranso m'belo kudzafika ku Limbe.

Ndinafunsa kuti, "Azakhali, kodi mumadziwa kumene zimachokera zimenezi?" Iwo akupinda malaya osandiyang'ana n'komwe anati, "Mwana wanga, ine ndimadziwa kumene ndaoda ndi ndalama imene ndapereka. Belo ukagula sulitsegula kaye, likatuluka loipa mpamba wapita." Mawu amenewa akufanana kwambiri ndi zimene Rivoli akunena, kuti pa kaunjika ndi pamene pali msika weniweni, palibe sabuside, palibe wokuteteza, chovala chilichonse chili ndi mtengo wakewake ndipo wogulitsa ayenera kudziwa kuti ichi chipita kwa mtsikana wa ku koleji, ichi kwa bambo wa kabaza. Azakhali sanawerenge buku lililonse la zachuma koma kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 anadziwa sabata yomweyo tanthauzo lake, chifukwa mtengo wa belo umatsatira dola.

Pali pamene sindikugwirizana naye kwenikweni mlembiyu. Iye amaona kaunjika ngati chinthu chabwino, anthu akuvala bwino motchipa, ambiri apeza geni, ndipo n'zoona, ana a azakhali aphunzira ndi ndalama ya kaunjika. Koma ife tinali ndi David Whitehead and Sons ku Blantyre imene inkaomba nsalu ndi thonje lathu lomwe, inadzagulitsidwa mu 2003 n'kukhala Mapeto, ndipo funso loti kaunjika anathandizira bwanji kufooketsa mafakitale a nsalu kuno silingangodumphidwa. Rwanda inayesa, mu 2016 inakweza msonkho wa zovala zakale kuchoka pa masenti 20 kufika madola 2.50 pa kilo, America n'kuichotsera mwayi wa AGOA pa zovala mu 2018. Kenya, Uganda ndi Tanzania amene anayambira limodzi maganizowo anabwerera m'mbuyo. Mtima wanga uli pawiri pankhaniyi, ndipo ndasiya tsamba lopanda kanthu m'kope kuti ndidzabwererepo.

Lachiwiri ndi The Box la Marc Levinson, la 2006, mbiri ya kontena. Ndinkaganiza kuti likhala lotopetsa, bokosi lachitsulo munthu angalembepo chiyani, koma ndalimaliza msanga kuposa loyamba. Malcom McLean anali mwini mathiraki, sanali munthu wa sitima, chimene chinkamuwawa ndi nthawi ndi ndalama zimene zinkathera padoko anthu akunyamula katundu thumba limodzilimodzi. Pa 26 Epulo 1956 sitima yake Ideal X inanyamuka ku Newark kupita ku Houston ndi makontena 58. Kupakira katundu mwa kale kunkadya madola oposa 5 pa tani, ndi kontena zinatsika kufika pafupifupi masenti 16. Kusiyana kumeneko ndi kumene kunachititsa kuti thonje la ku Texas lipite ku China n'kubwerera ngati tisheti koma n'kukhalabe yotchipa. Mabuku awiriwa ndi bwino kuwawerenga motsatizana chifukwa lina likuyankha funso la linzake.

Chandisangalatsa n'choti Levinson sabisa amene anapwetekedwa. Madoko a ku Manhattan ndi Brooklyn anafa ntchito n'kusamukira ku New Jersey, a ku London anatsekedwa doko la Felixstowe n'kukula, zikwi za anthu onyamula katundu zinatha ntchito. Komanso zinatenga zaka kuti makampani agwirizane kukula kwa bokosilo, mafiti 20 ndi 40 amene timawaona pa msewu lero, poyamba aliyense anali ndi saizi yake. Nkhondo ya ku Vietnam nayo inathandiza, sitima za McLean zikatula katundu wa asilikali zinkadzera ku Japan kukatenga katundu m'malo mobwerera zopanda kanthu.

Koma powerenga ndinkangoona dzenje limodzi lalikulu kwa ife. Kontena inatchipitsa ulendo wa panyanja, ife nyanja yamchere tilibe. Bokosi likatsika ku Beira liyenera kukwera thiraki, kudutsa Tete, kuima pa Zobue ndi pa Mwanza, lina likuchokera ku Dar es Salaam kudzera pa Songwe, lina ku Nacala pa njanji kudzalowera pa Nayuchi, lina Durban kutali konse uko. Dizilo, mizere ya pa boda, mapepala, maejenti, zonsezo zimakalowa mu mtengo wa belo la azakhali ndi thumba la feteleza, komanso zimachotsedwa pa mtengo wa fodya, tiyi ndi nandolo wathu akamatuluka. Tsopano ndikaona thiraki ya kontena pa msewu wa Zalewa ndimadzifunsa kuti yagona masiku angati panjira.

Ricardo uja, David Ricardo, katswiri wa zachuma wa ku England. Sindikuwerenga buku lake lenileni la 1817, ndikuwerenga kachaputala komufotokoza m'buku la sukulu limene ndinagula kwa mavenda a mabuku akale, chikuto chinachoka kale. Chitsanzo chake ndi England ndi Portugal, nsalu ndi vinyo. England ikufuna anthu 100 pa nsalu ndi 120 pa vinyo, Portugal 90 pa nsalu ndi 80 pa vinyo. Portugal ikuposa pa zonse ziwiri poti ikufuna anthu ochepa, nanga igulenso nsalu ku England chifukwa chiyani? Masiku atatu ndinalephera kuzilemba mu Chichewa. Zinadzatseguka nditaima pakhonde pa atelala ena kudikira buluku langa. Bambo aja amasoka msanga kuposa mnyamata wawo, kusita amasitanso msanga kuposa iyeyo, koma simbi amamusiyira mnyamatayo, chifukwa ola limene iwo angathere pa kusita ndi ola limene suti sinasokedwe, ndipo ndalama ili pa suti. Ndiye funso loyenera n'loti ukamachita ichi ukutaya chiyani. Ndinathamangira kunyumba kukalemba ndisanaiwale. Azungu amati comparative advantage, ine m'kope ndalemba kuti "gwira ntchito imene ikukutayitsa zochepa".

Nditangomvetsa, funso lina linabwera pomwepo, nanga mnyamata wositayo adzaphunzira liti kusoka? Ngati Malawi tizingolima fodya poti ndiye amatitayitsa zochepa lero, fakitale tidzaiyamba liti? Apa ndi pamene buku lachitatu lalowera, Kicking Away the Ladder la Ha-Joon Chang, la 2002. Ndili pa theka. Mfundo yake ndi yoti Britain ndi America anakweza mafakitale awo ndi misonkho yotchinga katundu wakunja, Alexander Hamilton, nduna ya zachuma yoyamba ya America, analemba zoteteza mafakitale ongoyamba kumene mu 1791, ndipo mayikowa atafika pamwamba anayamba kuuza ena kuti tsegulani misika, ngati munthu wokwera padenga n'kukankha makwerero. Ndi louma kuposa awiri aja, muli matebulo ambiri a misonkho, masamba 10 pa usiku ndiye ndalimbikira. Ndikuliwerenga mosamala chifukwa likunena zimene mtima wanga ukufuna kumva, ndipo ndikukumbukira kuti mayiko ambiri a mu Africa anatchinganso katundu wakunja atangolandira ufulu koma mafakitale sanakule ngati a ku South Korea. Ndikufuna ndione ngati afotokoza kusiyana kumeneku, ngati safotokoza ndidzakufunafuna kwina.

Lachinayi limene ndikusaka ndi Salaula la Karen Tranberg Hansen, la 2000, lonena za kaunjika wa ku Zambia. Ndayenda m'malo ogulitsa mabuku akale mu Blantyre osalipeza, wina amene ali nalo kapena ali ku Lusaka andithandize, ndibweza lili bwinobwino. Loweruka likubwerali azakhali akutsegula belo la majinzi, andilola kuti ndipitenso ndi kope langa bola ndifike mamawa ndithandize kunyamula.